Lachinayi: 46 pa 100, ndi muvi woloza kolakwika

Nthawi yadutsa 11 koloko usiku, ndipo pepala la mayeso lija likadali patebulo, lopindidwa panayi monga ndinalipindira m'mawa kuti wina asalione. Ndapeza 46 pa 100. Nambalayi ndailemba muno dala, chifukwa tsiku lonse ndakhala ndikuizemba. Aliyense wondifunsa ndimangomuyankha kuti sizinayende bwino, basi.

Mapepala anatibwezera kalasi ya organic chemistry ili pafupi kutha. Aphunzitsi ankaitana mmodzimmodzi, n'kumapereka pepala atalizondotsa. Ine mumtima ndinali nditadziikira 70, mwinanso kupitirira, poti masabata atatu athunthu ndakhala ndikuwerenga mpaka pakati pa usiku. Nditalitembenuza, thupi lonse linazizira, kukhosi kunauma gwa. Ndinalipinda msangamsanga, n'kulilowetsa m'kope, n'kutuluka osayang'ana munthu kumaso.

Ndinakakhala pa masitepe a kuseri kwa labu, kumene sikudutsadutsa anthu. Choyamba kubwera chinali mkwiyo. Ndinadziuza kuti mafunso aja sanatiphunzitse, kuti anachonga mouma mtima. Mkwiyo utaphwa panabwera china choipa kwambiri, maganizo oti mwina mutu wanga si wa sayansi. Chaka chatha chemistry inkandiyendera bwino. Kuwerengera ma mole, kupeza pH, kulinganiza ma equation, zonsezi ndinkazichita mosavuta. Ndiye ndinayamba kudzifunsa ngati kukhoza konse kuja kunali masamu chabe, ndipo chemistry yeniyeni ndi imene yandikanayi. Ndinalira, osati pang'ono.

Mnzanga amene timagona chipinda chimodzi ndiye anandipeza pamenepo. Sanandifunse malikisi, ndipo ake sanawatchule. Anakhala pambali panga kwa kanthawi ali chete, kenako anati, "Iwe, m'katimo waonamo, kapena wangoona nambala ya pamwambayo?"

Ndinali ndisanaonemo. Tinalitambasula pa maondo athu. Gawo lotchula mayina a ma compound ndinapeza 17 pa 20. Gawo la ma mechanism, pamene timajambula mivi yosonyeza mmene reaction imachitikira sitepe ndi sitepe, lomwe linali ndi malikisi 40, ndinapeza 9. Cholembera chofiira chinali chitazungulira malo amodzimodzi tsamba ndi tsamba: mchira wa muvi, mchira wa muvi, mchira wa muvi.

"Bala lako lili pamodzi," anatero. "Pita ukawaone lero lomwe. Safunsa anadya phula."

Sindinkafuna kupita. Semesita yonseyi sindinapondeko ku ofesi yawo, chifukwa ndinkaona ngati kumapita okhawo amene zinthu zawavuta. Koma cha m'ma 2 koloko masana ndinagogoda. M'njira ndinali nditakonza zokanena: aonenso funso lachinayi, popeza dzina la chotuluka chake ndinalilemba pafupifupi bwino, koma anandipatsa 2 pa 10. Sanalimbane nane. Anangotenga pepala losalembapo ndi pensulo n'kukankhira patsogolo panga.

"Khala pansi. Jambula 2-bromobutane. Eya. Ika cyanide pambali pakepo. Tsopano ndionetse muvi woyamba."

Ndinajambula monga ndinajambulira m'mayeso, muvi wochoka pa kaboni wonyamula bromine kulunjika kwa cyanide.

"Mchira wa muvi wakowu waima pa chiyani?"

"Pa kaboni, aphunzitsi."

"Kaboni ameneyo ali ndi ma electron oti n'kupatsa mnzake?"

Ndinangoti kakasi. Anandisiya ndiganize, osandithamangitsa, ndipo m'chipindamo munali zii mpaka ndinkamva wotchi ya pakhoma. Pang'onopang'ono ndinayamba kuona. Bromine amakokera ma electron a bond kumbali yake, ndiye kaboni uja amatsala wosowa. Cyanide ndiye ali ndi ma electron awiri amene sakugwira kanthu, ndi charge ya negative. Wopereka ndi cyanide, wolandira ndi kaboni. Muvi umayambira pamene pali ma electron n'kukathera pamene akusoweka. Ine semesita yonseyi ndimajambula mivi ngati chizindikiro chongosonyeza kuti ichi chakumana ndi icho, ndipo mbali imene walozera sindinkailabadira.

Nditautembenuza muviwo, zina zonse zinangotsatira zokha. Cyanide sangalowere mbali imene kuli bromine, amadzera kumbuyo. Pamene iye akulowa, bromine akutuluka, nthawi imodzimodziyo, ndipo magulu atatu otsala pa kaboni uja amatembenuka ngati ambulera imene mphepo yaipindira kunja. Ndiye chimene chinayamba chili R chimatuluka chili S (zilembo zimenezi zimasonyeza mmene magulu ayalidwira mozungulira kaboni). Ine ndinali nditalemba R. Chondiwawa n'chakuti dzina la kutembenuka kumeneku, loti Walden inversion, ndinkalidziwa. Ndinkadziwanso kuti Paul Walden anazindikira zimenezi mu 1896, chifukwa zinali pa kakhadi kanga kena. Dzina ndi chaka zinali m'mutu, koma chifukwa chimene molecule imatembenukira munalibe.

Kenako anandifunsa mmene ndimawerengera. Ndinatulutsa makhadi anga m'chikwama, mtolo wonse womangidwa ndi labala. Kutsogolo ndinalemba zosakaniza, kuseri chotuluka. Anawatembenuza angapo, n'kunena kuti ntchito ndagwira ndithu, ndipo zikuoneka. Koma anati khadi limandiphunzitsa kuzindikira yankho ndikaliona, pamene mayeso amandipatsa pepala loyera ndi molecule imene sindinaionepo. Anandikumbutsa kuti mayina a SN1 ndi SN2 (njira ziwiri zimene gulu lina limalowera m'malo mwa linzake pa kaboni) amene ndinkawaloweza ngati mndandanda anachokera kwa Christopher Ingold ndi Edward Hughes m'zaka za m'ma 1930, ndipo iwo anawapeza poyeza liwiro la ma reaction. Mu SN2 liwiro limadalira zinthu zonse ziwiri, chifukwa zimakumana pa sitepe imodzi. Mu SN1 limadalira chimodzi chokha, chifukwa gulu lotulukalo limayamba lachoka lokha, n'kusiya carbocation, kaboni wokhala ndi charge ya positive, ndipo sitepe imeneyo ndiyo yochedwa. Manambala 1 ndi 2 aja ndinkaganiza kuti akutanthauza kuchuluka kwa masitepe, pamene amasonyeza kuchuluka kwa zinthu zimene liwiro limadalira. N'chifukwa chake nthawi zonse ndinkawasokoneza, poti SN1 ndiyo ili ndi masitepe ambiri.

Malikisi sanandionjezere ngakhale limodzi, ndipo potuluka sindinkafunanso kuti aonjezere. Ananditsanzika ndi mawu oti, "Buku litseke. Funso limodzi pa tsiku, papepala loyera, ndipo muvi uliwonse uziufunsa kuti ma electron akuchokera kuti. Ukakanika, bwera."

Pali chimodzi chimene chikundinyansabe. Tisanayambe n'komwe kosi imeneyi, amene anatitsogolera ankatiuza kuti organic chemistry ndi kuloweza basi, amene ali ndi mutu wosunga zinthu ndiye amakhoza. Ndinawakhulupirira, ndipo ndinamanga kawerengedwe kanga konse pa mawu amenewo. Sindikuti ankafuna kutisocheretsa, mwina iwonso anauzidwa choncho. Zoloweza zilipo ndithu, mayina a ma reagent sungawapeke wekha. Koma malangizo amenewa ndi oipa, ndipo andidyera masabata atatu. Chimene chikundipweteka kwambiri ndi chimenechi, kuti sindinachite ulesi. Ndikanakhala kuti ndinagona osawerenga, bwenzi ndikudziwa pokonza popanda wondiuza. Koma ndinatopa zenizeni, maso anafiira zenizeni, pa ntchito imene mayeso sanaifunse.

Madzulo ndinakhala pansi n'kuwerengera. Mayeso amenewa ali ndi malikisi 25 mwa 100 a kosi yonse, ndiye 46 yangayi yandipatsa 11.5. Kuti ndimalize ndi 65, pa malikisi 75 otsalawo ndikufunika 53.5, kutanthauza pafupifupi 71 pa 100 pa chilichonse chimene chikubwera. Si zapafupi. Koma nditaona nambalayo mtima unakhala m'malo kusiyana ndi pamene anzanga ena ankanditonthoza kuti ndi mayeso amodzi chabe. Mawu amenewo ndikudziwa kuti amachokera pa chikondi, koma sanandigwire, chifukwa kwa ine lero sanali amodzi chabe.

Foni ya amayi ndinaizengereza mpaka kunja kutada. Atayankha ndinalankhula zina ndi zina kaye, koma anandidula.

"Mwana wanga, mawu akowo sali bwino. Chachitika n'chiyani?"

Ndinawauza nambala yeniyeniyo, osaizungulira. Anakhala chete pang'ono. Ndinkayembekezera kuti atchula zimene akudzimana kuti ine ndikhale kuno, koma sanatero. Anandifunsa ngati aphunzitsi ndawaona. Nditavomera anati, "Wachita bwino. Ukafuna upitenso, usachite manyazi." Kenako anafunsa kuti masiku ano ndikumagona nthawi yanji. Nditawauza, anandikalipira pang'ono, ndipo kalipa ameneyo ndinamulandira ndi manja awiri. Nditadula foni ndinaliranso, koma kulira kwake kunali kwina.

Cha m'ma 9 koloko ndinaika makhadi aja m'dirowa, n'kutenga pepala loyera. Ndinasankha funso lachisanu, la 3-methyl-1-butene ndi HCl. M'mayeso ndinangogwiritsa lamulo la Markovnikov monga ndinalilowezera, hydrogen kupita kwa kaboni amene ali kale ndi ma hydrogen ambiri, chlorine pa kaboni wachiwiri, n'kupitirira. Anandipatsa theka la malikisi, n'kulemba pambali funso loti, china chili kuti?

Ulendo woyamba ndinabwereza zomwezo. Wachiwiri ndinajambula muvi kuchokera pa double bond kupita kwa hydrogen, chifukwa tsopano ndikudziwa kuti ma electron ali pa double bond. Panatsala carbocation pa kaboni wachiwiri, ndipo m'malo mothamangira kuikapo chlorine ndinaima n'kuiyang'anitsitsa. Pambali pake penipeni pali kaboni wachitatu, wogwirana ndi ma methyl awiri, ali ndi hydrogen mmodzi. Hydrogen ameneyo akasamuka pamodzi ndi ma electron ake awiri, charge imasamukira pa kaboni wozunguliridwa ndi makaboni atatu, pamene imakhazikika bwino kwambiri. Ndiye chlorine akhozanso kukakhala pamenepo, n'kutuluka 2-chloro-2-methylbutane pamodzi ndi chija ndinalemba m'mayeso. Palibe khadi langa limene linali ndi zimenezi. Ndinazipeza ndekha, ndi pensulo, buku lili chitsekere. Ndinamudzutsa mnzanga kuti aone. Anayang'ana ndi diso limodzi, anagwedeza mutu kuvomereza, n'kufundanso.

Pepala la mayeso ndalitambasula tsopano, ndaliika pansi pa buku lolemera kuti mizere ya mopindidwa muja iwongoke. Funso lachisanu ndi chimodzi ndaliyesa kawiri ndipo landikanabe. Ndi la E2 (reaction yochotsa hydrogen ndi bromine nthawi imodzi n'kusiya double bond) pa cyclohexane, ndipo sindikuona chifukwa chimene bromine ayenera kukhala axial, kutanthauza woloza m'mwamba kapena pansi, kuti reaction ichitike. Ndajambula cyclohexane m'maonekedwe ake a mpando kangapo, ma hydrogen akundisokonekera. Ndalemba funsolo pachikuto cha kope langa. Labu ikuyamba 8 koloko m'mawa, ndipo ikangotha ndikagogodanso pa ofesi ija.