Buluku la ankhoswe

Mwana wa mchemwali wanga atamaliza maphunziro a kemisitiri ku yunivesite anapeza mbeta ku Nkhotakota, ndipo unkhoswe unagwera ine, atsibweni ake. Ndinagula buluku loyera pa kaunjika pa Kamuzu Road ku Salima, mayi a kunyumba nalisita usiku wonse.

Unali mwezi wa Okutobala, ndipo amene amalidziwa dzuwa la kunyanja safuna kuuzidwa zambiri. Minibasi yathu inaphulika tayala titangodutsa pa Benga, pamalo pomwe anthu ankamata maenje a msewu wa M5. Tonse tinatsika. Anzanga anangokhala pa fumbi, koma ine munthu wa buluku loyera ndinaona mgolo utagonekedwa pansi pa mtengo wa mango, ndinati mpando ndi uwu.

Tayala litasinthidwa, thupi langa linadzuka koma buluku linakana. Nditakoka mwamphamvu, phula linatamuka kuchokera pa mgolo mpaka kumbuyo kwanga. Kondakitala anaseka mpaka kuiwala kuitanira anthu.

Mayi wina wogulitsa zitumbuwa ndiye anandimvera chisoni. "Pepani bambo, mangani chitenje ichi muvule. Mankhwala a phula ndi palafini." Ndinazemba kuseri kwa mango, n'kutulukako nditamanga chitenje cha maluwa ofiira, jekete ndi tayi zili m'malo mwake. Mwana wina anathamanga kukagula kabotolo ka palafini, mayiwo anathira nayamba kutikita. Banga lomwe linali lalikulu ngati chikhatho linasungunuka n'kuyenderera mpaka m'mawondo, lofiirira, ndipo pakati pake panatsala timibulu takuda bii titakanirira mu ulusi.

Apa mnyamata wanga uja, m'malo molira nane, anagwada n'kuyamba kujambula ndi foni.

"Atsibweni, taonani kukongola! Palafini wachotsa mafuta opepuka, koma timibulu iti ndi ma asphaltene. Ndiye gawo lolemera kwambiri la mafuta okumba pansi. Mukawathira mafuta opepuka monga heptane sasungunuka, amangogwirana n'kukhala mibulu. Amasungunuka bwino m'mankhwala amadzimadzi otchedwa toluene."

"Toluene wakoyo amagulitsa pa Benga pano?"

"Ayi, atsibweni."

"Ndiye ukundiuziranji?"

Iye sanamve n'komwe. Anati mkati mwa timibuluto muli tinthu totchedwa porphyrin, timphete tafulati tokhala ndi chitsulo pakati. Mphete ya mtundu womwewo ili m'magazi athu, pakati pake pali ayironi, ndipo wachibale wake ali m'masamba obiriwira, pakati pali magnesium. Zomera za m'madzi zitakwiririka pansi zaka mamiliyoni ambiri, magnesium anachoka, m'malo mwake munalowa vanadium kapena nickel. Mjeremani wina, Alfred Treibs, ndiye anazipeza m'mafuta m'zaka za m'ma 1930, ndipo umenewu unakhala umboni woti mafuta anachokera ku zamoyo.

Minibasi inanyamuka ine nditakhala pampando wakumbuyo ndi chitenje, buluku likuuluka pawindo kuti liume. Phunziro silinathe. Akuti popeza timpheteto n'tafulati, timasanjikizana ndi ma asphaltene, ndipo akagwirana timatsekeredwa momwemo. N'chifukwa chake vanadium ndi nickel wambiri amapezeka m'gawo lolemerali, makamaka m'mafuta a ku Venezuela. Mibulu yotereyi imatseka mapaipi a m'zitsime za mafuta, vanadium naye amawononga mankhwala oyengera petulo.

Kunena zoona, mwanayu sukulu inamulowa. Koma munthu wophunzira samayang'ana nkhope ya amene akumuphunzitsayo. Agogo ena pafupi nane anafunsa ngati mnyamatayo ndi mlaliki.

Tisanafike pa boma la Nkhotakota ndinalivalanso buluku, jekete n'kuikokera pansi. Kuchikazi anatilandira mwaulemu, nandipatsa mpando wolemekezeka woyalidwa nsalu yoluka pamanja, yoyera mbee. Ndinati ndikhala pa mphasa. Anakana, akuti ankhoswe sakhala pansi.

Tili mkati mwa malonje, ankhoswe a kuchikazi anayamba kununkhiza uku ndi uku. "Kodi nyali yatayika m'nyumba muno?" Ana anatumidwa kukayang'ana kuchipinda. Kenaka bambo wina wachikulire anatulutsa ndudu ndi machesi, mnyamata wanga n'kudumpha. "Chonde bambo, musayatse! Atsibweni angayake!"

Panalibenso chobisa. Ndinafotokoza za mgolo, ndipo pofuna kudzitolera ulemu ndinawonjezera kuti phula si litsiro, ndi masamba akalekale, wachibale wa magazi athu omwe, anatero Mjeremani. Ankhoswe aja anagwedeza mutu nati, "Ndiye kuti mwabwera ndi abale ambiri."

Mbeta anativomera. Poimirira kuti tigwirane chanza, nsalu yoluka ija inanyamuka nane, ikulendewera kumbuyo. Mayi a mtsikanayo anaigwira kuti aimatule, ine ndikupita kutsogolo, iwo akukokera kumbuyo, pamaso pa mudzi wonse.

Potsazikana, ankhoswe a kuchikazi anawerenga zoti tidzabweretse pa chinkhoswe: tambala, khasu, nkhwangwa, ndi nsalu ya pampando imodzi. Mnyamata wanga anapempha ngati angatenge yakaleyo, akuti timibulu ta pamenepo tatuluka bwino kuposa ta pa buluku.