Sabata yomwe ndinali ku masitenti

Lolemba m'mawa ndisanaike ndi chikwama chomwe pansi, ndinapeza bambo ena atakhala kale pabenchi panja pa kachipinda kathu, faelo ataikumbatira pachifuwa, miyendo ataipanikiza ngati akumva chisanu. Ine ndine nesi ku mbali ya matenda a impso ndi chikhodzodzo, nde sabata imeneyi inandigwera yothandiza adokotala kuchotsa masitenti. Atangondiona bambowo anaimirira. "A nesi, mundigoneka tulo eti?" Ndati ayi bambo, lero palibe zogona, mukhala muli maso tikucheza. Nkhope inagwa pomwepo. Akuti usiku wonse sanagone chifukwa mnzawo wina anawauza kuti timachita kukoka ngati tikuzula dzino.

Kwa amene simunamvepo za sitenti, ndi kapaipi kofewa ka pulasitiki, kowonda kwambiri mwina mamilimita 2 basi, kutalika kwake kwa akuluakulu ambiri ndi masentimita 24 mpaka 26. Adokotala amakaika mu kanjira komwe mkodzo umadutsa pochoka ku impso kupita ku chikhodzodzo, kawirikawiri akangochotsa mwala wa mu impso, chifukwa kanjirako kamatupa ndipo kakhoza kutsekeka mkodzo nkumabwerera ku impso. Nsonga zake zonse ziwiri ndi zopotana ngati kamchira ka nkhumba kapena chilembo J, ina imakola mu impso ina mu chikhodzodzo kuti kasatsetsereke, nchifukwa chake pa faelo mumaona palembedwa JJ kapena DJ. Kali m'thupimo kamasowetsa mtendere, sitingabise. Kukodza pafupipafupi, mkodzo wosakanikirana ndi magazi makamaka munthu akayenda kwambiri, komanso ambiri amamva kupweteka m'mbali mwa msana nthawi imene akukodza. Nde munthu amabwera kwa ife atatopa nako kale koma akuopanso kuti kachoke.

Kachotsedwe kake sikovuta. Timayamba tayeza mkodzo kaye. Kenako munthu amavula kuchokera m'chiuno kutsika, timamufunditsa, amagona chagada, timatsuka malowo nkuthira jelo wa lignocaine mu njira ya mkodzo. Jeloyo amazizira, amalumanso pang'ono poyamba, timadikira timphindi kuti malo achite dzanzi. Ndiyeno adokotala amalowetsa sikopu, kapaipi kofewa kokhala ndi kamera ndi getsi kunsonga, kosafika kunenepa kwa pensulo. Pamene ikulowa madzi amakhala akuyenda kuti chikhodzodzo chifutukuke tizitha kuona bwino, ndipo munthu amamva ngati mkodzo wamugwira kwambiri, ena mpaka amakuwa kuti a nesi ndikodzera pabedi pano. Ndimawauza kuti olo mukodze palibe mlandu, ndi madzi athu omwe. Ntchito yanga ndi yolowetsa kachitsulo kogwirira kudzera mu sikopu muja, adokotala akati tsegulani ndatsegula, akati gwirani ndagwira, kenako sikopu ndi sitenti zimatulukira limodzi.

Amuna ndi amene amaimva kwambiri chifukwa njira yawo ndi yaitali, pafupifupi masentimita 20, pomwe ya amayi ndi masentimita 4 okha. Komanso kwa amuna pali malo pafupi ndi prostate, kachiwalo kokhala pansi pa chikhodzodzo, pamene pali mnofu wotseka mkodzo, sikopu ikafika pamenepo thupi limafuna kukana lokha. Bambo aja atafika pamenepo anagwira m'mbali mwa bedi mpaka mitsempha ya m'manja kuoneka. Ndati bambo masukani, chitani ngati mukukodza, pumirani pakamwa, gwedezani zala za kumapazi. Zala zinayamba kugwedera ndithu, zonse khumi kkkk. Patapita kanthawi akufunsa, "Mwayamba kukoka?" Adokotala anangonyamula kasitenti kaja mmwamba kakudontha madzi. Kuchokera pomwe sikopu inalowa sipanathe ndi mphindi zitatu zomwe. Anakayang'ana nthawi yaitali, kenako akuti, "Kanthu aka ndi kamene kandizunza masabata awiri?" Ife timakayang'ananso koma pa chifukwa china, timafuna tione kuti nsonga zopotana zonse ziwiri zatuluka, kasakhale kataduka.

Apa ndi pomwe ndinalakwitsa ine. Panja mzere unali utatalika, nde ndinawauza mwachangu zomwe timauza aliyense, kuti akodze kaye asanapite, akamwe madzi ambiri, pokodza pakhala pakuwotcha tsiku limodzi kapena awiri, mkodzo ukhoza kukhala wofiirira. Anavomera zonse akumwetulira, anatuluka akuyenda ngati mnyamata. Za ululu umene umabwera pambuyo sindinatchule.

Lachiwiri ndikungofika foni ya mu wodi ikulira, akazi awo a bambo aja. Mawu akunjenjemera. Akuti cha m'ma 7 koloko madzulo bambo anayamba kugubuduka, ululu wa m'mbali mwa msana kutsikira kumimba, ndendende ngati tsiku lomwe mwala unawagwira, iwo nkumati basi mwala wina watsala ndipo achipatala achotsa kapaipi nthawi isanakwane. Ndinafunsa mafunso anga. Thupi latentha? Ayi. Akusanza? Ayi. Akukodza? Eee akukodza. Pano ali bwanji? Akuti anamwa panado, ululu unayamba kuchepa pakati pa usiku, pano agona. Ndinapuma. Ndinawafotokozera kuti kanjira kaja kamakhala katazolowera kapaipi mkati, nde mukakachotsa kamatha kutupa kapena kukokana kwa kanthawi, mkodzo umachedwa kutsika impso nkumapanikizika. Sizichitikira aliyense, koma zikachitika zimayamba patapita maola angapo munthu ali kale kunyumba, ndipo nthawi zambiri zimatha zokha pasanathe tsiku. Mayiwo anangoti, "Nanga bwanji simunatiuze dzulo a nesi?" Ndinalibe poyankha. Ndinapepesa basi.

Kuyambira pamenepo aliyense wodutsa pabedi lija ndimamukhazika kaye pansi atavala, olo adokotala andiyang'ane ndi diso lakuti tikuchedwa. Anthu amaopa mphindi zitatu za pabedi zija, pomwe kwa ine zodetsa nkhawa ndi za usiku wake. Ndimawauza kuti akhale ndi mankhwala a ululu pafupi asadikire kuti zifike povuta. Ibuprofen kapena diclofenac amathandiza kwambiri pa ululu wa mtundu umenewu koma si aliyense angamwe, amene impso zake ndi zofooka, amene anaikidwa impso ya munthu wina, wa zilonda za m'mimba, woyembekezera, ameneyo afunse kaye adokotala. Ndipo ndimabwereza kawiri zinthu zomwe sizodikira kuti kuche: thupi likatentha kufika madigiri 38 kapena munthu akumanjenjemera ndi chisanu, mkodzo ukakana kutuluka, mukatuluka magazi oundana ambirimbiri, kusanza kosalekeza, kapena ululu wosamva mankhwala. Zimenezo nyamukani usiku womwewo. Kutentha thupi makamaka, chifukwa matenda a mu impso sachedwa kulowa m'magazi.

Lachiwiri lomwelo masana kunabwera a ulusi. Awa ndi amene sitenti yawo imangokhala masiku ochepa, nde adokotala amasiya kaulusi kakuda katatulukira kunja, nkukamata ndi pulasitala pantchafu kapena pachida. Kwa amenewa sikopu siifunika, timangogwira ulusi nkukoka pang'onopang'ono osaima, masekondi angapo zatha, ena amauzidwa kuti akachotse okha kunyumba. Mnyamata wina anauzidwa choncho koma anabwera ndithu, akuti anakhala m'bafa ola lathunthu ulusi uli m'manja mtima osalola. Ndati achimwene palibe chamanyazi, gonani apa. Ndinawauza apume kwambiri atulutse mpweya pang'onopang'ono, asanamalize kutulutsa kanali katatuluka. Vuto la ulusi ndi lakuti umakola. Mayi wina anabwera thewera la akuluakulu lili m'chiuno, akuti kuyambira dzulo mkodzo ukungotuluka wokha osaugwira. Anaukoka mwangozi popukuta, sitenti inatsika kupitirira mnofu wotseka uja, nde mkodzo umangodutsa m'kapaipi kuchokera ku impso mpaka panja. Tsiku lake lochotsa linali litakwana kale, adokotala anati malizitsani, tinakachotsa, kudontha kunatha pomwepo.

Lachitatu ndinatukwanidwa. Mayi ena mkodzo wawo unaonetsa kuti muli matenda, unali wa mbuu komanso wonunkha, iwonso anavomera kuti dzulo lake thupi linatentha. Adokotala anati lero ayi, tiutumize ku labu, ayambe mankhwala, abwerenso. Mayiwo anandilusira ine ngati ndine ndalemba lamulolo, akuti apempha tchuthi kuntchito chifukwa cha ife. Ndimawamvetsa. Koma kulowetsa sikopu ndi madzi mu chikhodzodzo cha munthu amene thupi likutentha kale ndi kuitana mavuto, bola anditukwane.

Lachinayi ndi tsiku limene sindikuliiwala. Kunabwera bambo a zaka za m'ma 50, sanabwere kudzachotsa sitenti ayi, anabwera chifukwa mkodzo unali wa magazi miyezi ingapo komanso msana sumawapatsa mpata. Atajambulidwa ekisile tikuona kapaipi kali phee kuchokera ku impso mpaka ku chikhodzodzo. Adokotala akufunsa, bambo munaikidwa liti chimenechi? Iwo akuti chiyani? Sankadziwa nkomwe kuti m'thupi mwawo muli chinthu. Anachitidwa opaleshoni ya mwala kwina zaka ziwiri zapitazo, akuti mwina anauzidwa ali ndi tulo ta mankhwala, iwo anangomva kuti mwala wachoka, anasamuka, nambala ya foni inasintha, nkhani inathera pomwepo.

Sitenti si ya muyaya abale. Zambiri zimayenera kuchoka kapena kusinthidwa pakati pa miyezi 3 ndi 6, kwa amayi oyembekezera msanga kuposa pamenepo chifukwa kwa iwo zimagwira miyala mofulumira. Mchere wa mu mkodzo umamatirira pa pulasitiki pang'onopang'ono ngati zoyera zija zimamera mkati mwa ketulo, mpaka kapaipi kofewa kaja kamauma gwa, kamatsekeka, nthawi zina kamathyoka zidutswa. Pa ekisile ya bambowa nsonga ya mu chikhodzodzo inali itasanduka mwala weniweni, ya ku impso nayonso chimodzimodzi. Yotereyi siikokedwa. Ukaikoka ndi mphamvu ukhoza kung'amba kanjira konse ka mkodzo, nchifukwa chake olo pa sitenti wamba adokotala akamva kuti ikulimba amasiya pomwepo, sachita makani. Bambowa awalembera ku fiyeta, akagonekedwa tulo, miyala ija ikaphwanyidwe ndi laser kaye, mwina kawiri kapena katatu, komanso ayezedwe ngati impsoyo ikugwirabe ntchito. Chinthu choti chikanatha mphindi zitatu ali maso. Atamva zonsezi anakhala chete, kenako anandifunsa motsitsa mawu, "A nesi, ndalakwa ndine?" Ndati ayi bambo, munthu wongodzuka ku opaleshoni samva zonse, ife ndi amene timayenera kulemba papepala komanso kuuza amene wabwera naye. Ndimalankhula choncho ndikukumbukira foni ya Lachiwiri ija.

Lachisanu kunali kopepuka. Agogo ena aakazi anagona pabedi akuyimba chapansipansi, titamaliza akuti "Basi? Ndavulira zomwezi?" ndipo anapempha kuti tiwapatse kasitenti kawo akaonetse adzukulu. Sitipereka, kamapita mu bini ya zinyalala za chipatala, nde anangokajambula pa foni. Mayi a Lachitatu aja labu inatulutsa zotsatira, mankhwala omwe anapatsidwa ndi oyenera, tawalemba sabata ya mawa.

Masana odwala atatha ndinatenga buku lathu la masitenti, momwe timalemba aliyense amene waikidwa ndi tsiku loti achotse, nkuyamba kuyenda ndi chala mzere ndi mzere. Ndinapeza mayina anayi amene tsiku lawo linadutsa ndipo palibe anachongapo. Awiri anayankha, mmodzi akuti amaona ngati poti sakumvanso kupweteka ndiye kuti kanasungunuka kokha, ndamulemba Lolemba m'mawa. Wachitatu foni inangoitana. Wachinayi nambala yake sikupezeka, ndayesa katatu, nde ndalemba dzina lake pa kapepala ndamata pa kompyuta kuti wolowa Lolemba ayambire pamenepo, ayesenso nambala ya wachibale yomwe ili kumbuyo kwa faelo.