Ulendo wa ku Chikwawa ndi mlandu wa chulu uja

Amene munatsala ku Blantyre imvani kwa ine amene ndinaliko, musamve za m'maluwa. Potsika zitunda kulowera ku Thabwa mabuleki a minibasi ankanunkha, a Msungichuma anatsinzina kupemphera mpaka tinawoloka Shire pa Kamuzu Bridge, ndiye mukawaona afunseni anaona chiyani panjira.

Anzathu akumeneko anatipatsa mafayilo a LAZ, osunga ma point (timadontho toonetsa kutalika kwa malo) amene anayeza ndi laser ya pa drone cha ku Nchalo. Ntchito inali kuchotsa pa kompyuta ma point a mitengo, madenga ndi mbewu kuti patsale mapu a nthaka yokha, otchedwa DTM, paja madzi osefukira amayenda pansi. Mu pulogalamu ya CloudCompare tinayendetsa CSF, filter (sefa) yopatula ma point apansi, otchedwa class 2, kenako mu pulogalamu ya mapu ya QGIS kupanga TIN (model ya nthaka yolumikiza ma pointwo ndi ma triangle), raster (chithunzi cha timabokosi) ya mita imodzi ndi hillshade (chithunzi choonetsa zitunda ndi zigwa ndi mithunzi).

Hillshade itangotuluka a Tcheya anaona kachitunda pakati pa munda nkunena kuti filter yaphonya, chitsamba ichi, chichotsedwe. A Mlembi anakanitsitsa, amvekere bwana chimenecho ndi chulu ndipo chulu ndi dothi, mukachifufuta mwanamiza mapu. Eee mkangano unakula mpaka nsima ya mlamba kuzizira m'mbale, laputopu nayo inazima ndi kutentha kwa ku chigwa, achimwene athu a kwaya aja kumaikupiza ndi chivundikiro cha poto kwinaku akuyimba kuti idzuke. Mayi amene anatiphikira anatopa nafe nkutiuza kuti pitani mukachione ndi maso, si patali. Tinapitadi dzuwa lili paliwombo, agogo eni munda ali patsogolo ndi ndodo yawo. Chinali chulu ndithu, chachitali kuposa a Tcheya, mtengo wa bwemba utamera pambali pake. Agogowo anati nthawi ya Freddy mu 2023 mbuzi zawo anazikweza pamenepo nkupulumuka zonse. A Tcheya anavula chipewa nkunena kuti a Mlembi, Fanta wanu ali kwa ine.

Kuyendako kunatithandizanso kugwira vuto lenileni, m'nzimbe zothinana laser sinkafika pansi ndiye model inakweza nthaka ngati pali chitunda pomwe pali pathyathyathya. Anyamata a RTK, GPS yoyeza molondola kwambiri, anayeza ma point m'mphepete mwa mundawo, tinachotsa ma point abodzawo nkupanganso TIN usiku, ndipo ineyo ndinanyadira kuona ngalande yamadzi ikutulukira bwinobwino pa sikirini.

Zikomo anzathu a ku Chikwawa pa malo ogona ndi extension ija, zikomo mayi athu pa mlamba, zikomo adalaivala potikwezanso Thabwa bwinobwino. A Tcheya, Fanta uja a Mlembi akudikirabe, ndipo amene sanapereke ya mafuta akumane ndi a Msungichuma Loweruka.