Chikasu chasuluka ku Mangochi

Ulendo wa ku Cape Maclear ndinaukonza kalekale, koma unkangolephereka chifukwa cha mafuta. Chaka cha 2025 munthu ukati uyende umayamba wafunsa ngati dizilo wafika, apo ayi mtengo wa minibasi umasintha uli kale pampando. Chisankho cha pa 16 Seputembala chitadutsa ndinati basi, zivute zitani ndikaione nyanja. Ndinakwera ku Limbe m'mamawa, dzuwa la Okutobala lisanayambe kulusa.

Za Zomba ndi Liwonde sindinenapo zambiri, msewu wake mumaudziwa. Maso anga anayamba kugwira ntchito titadutsa Ulongwe, pamene migwalangwa ndi malambe zimayamba kuchuluka ndipo nyanja ya Malombe imaonekera chakumanja. Ndili mnyamata ndinkabwera kuno patchuthi kwa amalume, ndipo nthawi imeneyo dera lonseli linali lachikasu, mtundu wa chipani cha UDF: nsalu za amayi, mbendera pamitengo ya mango, zitseko za magolosale, ngakhale maboti ena kudoko. Kuvala buluu kapena tambala wakuda pamsika kunkafuna kulimba mtima. Ulendo uno zikwangwani zotsala pakampeni zinali zosakanikirana, zabuluu zambiri, za oima paokha ankhope zosadziwika, ndi zachikasu apo ndi apo zitasuluka ndi dzuwa.

Pafupi nane panakhala bambo wachikulire wa kofia yoyera, akuchokera kuchipatala ku Zomba. Nditawafunsa kuti chikasu chija chinapita kuti, anaseka kaye.

“Achimwene, ife Atcheya timawakondabe. Koma chimanga sitigula ndi chikondi.”

Anati mwana wa Atcheya alibe naye chifukwa, ndi munthu waulemu, koma voti yawo sanafune kuti igwere pamalo pamene sipangachotse boma lomwe lidawagulitsa thumba la chimanga pa K100,000. Manambala akuvomerezana nawo. Bakili Muluzi adatenga dziko mu 1994 ndi mu 1999 chigawo chino chili kumbuyo kwake. Atupele Muluzi adapeza mavoti pafupifupi 14 pa 100 alionse mu 2014, ambiri mwa iwo ochokera ku Mangochi, Machinga ndi Balaka. Mu 2019 adatsika n'kufika pafupifupi 5, mu 2020 adaima ngati wachiwiri kwa Peter Mutharika pachisankho chobwereza chija, ndipo mu 2025, ataimanso pa tikiti ya UDF, sadafike 2 pa 100 alionse. Mutharika ndiye adapambana ndi 56.8, Lazarus Chakwera n'kupeza 33. Mgwirizano wa 2020 uja ndi umene unazoloweretsa dzanja la anthu akuno kuchonga pa chimanga cha DPP, ndipo dzanja likazolowera silibwerera msanga. Onjezani kuti Mutharika atachoka m'boma adadzakhala komkuno kunyumba yake ya PAGE House. Kondakitala wathu ankangomutchula kuti “neba”.

Pa boma ndinatsika kuti ndiwongole miyendo. Ndinayenda mpaka pa mlatho wa Bakili Muluzi, pamene Shire amadutsa ali phee ngati sakupita kulikonse, n'kuima pa chipilala cha wotchi cha 1903 chokumbukira Mfumukazi Victoria. Pomwepo pali mfuti ya sitima ya Guendolen ndi chikumbutso cha anthu 145 omwe adamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Malo ngati amenewa kwina kukanakhala mabenchi, mthunzi ndi munthu wofotokozera alendo. Ine ndinapezapo anyamata a kabaza akudikira makasitomala, ndi majumbo akuuluka.

Pamsika wina m'mbali mwa msewu ndinaima nthawi yaitali ndikuonerera wodula matikiti. Amayenda benchi ndi benchi, kabuku m'manja, ndipo mayi aliyense amamasula mfundo ya chitenje n'kupereka osatsutsa. Kuseri kwa mabenchi a nsomba kunali dzala lofika m'chiuno, ntchentche zili ng'waa, madzi akuda akuyenderera kulowera kumene amayi okazinga zitumbuwa anayala malonda awo. Mayi amene anandigulitsa mango anati tikiti salephera kubwera ngakhale tsiku limodzi, koma thirakitala yotola zinyalala amaiona pakamveka kuti kukubwera nduna. Ndinawafunsa dzina la khansala wawo watsopano. Anayang'ana mnzawo, mnzawoyo anayang'ana kumwamba. Dzina la phungu analitchula onse awiri nthawi imodzi.

Apa m'pamene pagona nkhani imene inanditsatira ulendo wonse. Pachisankho timalandira mapepala atatu, la pulezidenti, la phungu ndi la khansala, koma mtima wonse umakhala pa loyamba, pang'ono pa lachiwiri, lachitatu timangochonga kuti tituluke. Chonsecho zinyalala, zimbudzi za pamsika, madepoti, misewu ya fumbi, mapulani a malo omanga, zonsezi ndi za khonsolo. Lamulo la maboma ang'ono lidabwera mu 1998, makhansala oyamba tidawasankha mu 2000, ndipo nthawi yawo itatha mu 2005 dziko lidakhala zaka zisanu ndi zinayi popanda khansala ndi mmodzi yemwe mpaka 2014. Mwana amene adakula zaka zimenezo adaphunzira kuti vuto lililonse, kaya ndi mjigo kaya bokosi la maliro, limapita kwa phungu. Mu 2010 aphungu adasinthanso lamulo, n'kudzipatsa voti m'khonsolo, ndipo mphamvu yosankha DC idapita kwa nduna ku Lilongwe. Ndiye munthu amene amasunga kiyi wa ndalama za boma la anthu oposa 1.1 miliyoni, malinga ndi kalembera wa 2018, sasankhidwa ndi aliyense wa anthuwo.

Kuchoka pa boma kupita ku Monkey Bay nyanja imakhala kudzanja lamanja, koma kuiona kwake n'kwa mwayi. Mipanda ya njerwa yandandalika, geti ndi geti, mahotela, nyumba zopumulirako za makampani ndi za anthu olemera a m'tauni. Pakati pa mipanda ina pamatsala kanjira kopapatiza, ndipo m'menemo ndinaona atsikana atasenza ndowa akutsetserekera kumadzi. Sindidana ndi mahotela, ndimagonamo ndikapeza ndalama, ndipo alemba ntchito anthu ambiri. Koma wina adavomereza mapulani a mipanda imeneyi, wina adasaina, ndipo mudzi womwe uli kuseri kwake sudafunsidwe kuti ng'ombe zake zizikamwera kuti.

Ku Monkey Bay sindinakhalitse. Ilala inali isanabwere kuchokera kumpoto, choncho ndinangodya nsima ya kampango n'kukwera njinga yamoto. Msewu wa ku Cape Maclear umakhotakhota m'mapiri a paki, anyani atakhala pamiyala ngati eni malo, kenako mwadzidzidzi mudzi wa Chembe uli pansi pako, nyanja ili mbee, zilumba za Thumbi ndi Domwe zitaima patsogolo.

Aliyense amene anafikako amadziwa kuti gombe la Chembe ndi la anthu awiri. Mzungu wagona pampando akuwerenga buku, mamita ochepa kuchokera pamenepo mayi akukwecha mapoto ndi mchenga, ana akusambira ali maliseche, alovi akusoka chilimira pamthunzi. Chakumapeto kwa mudzi kuli matandala a usipa, fungo lake limakulandira usanawaone. Mudziwu uli mkati mwa Lake Malawi National Park, yomwe idakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO idaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha mbuna, tinsomba tamawangamawanga tija. Amishoni a Livingstonia adayambira pano mu 1875 malungo asanawathamangitsire ku Bandawe, ndipo manda awo alipobe kufupi ndi Otter Point.

Pakhoma la loji imene ndinagona panali mzere wakuda wofika m'mawondo. Mnyamata wa pa bala anati ndi pamene madzi anafika mu 2024, nyanja itakwera kuposa mmene anthu ambiri amoyo anaionerapo. Mchenga wa kutsogolo unamira, zipinda zam'munsi zinatsekedwa, anzake angapo anauzidwa kuti akadikire kunyumba. Eni malo ogona ankaloza chala zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde kuti zikusunga madzi, pamene akuluakulu a zamadzi ankati kutsegula kwambiri kukanamiza anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje. Mkangano umenewo ndi wa akuluakulu. Chimene mnyamatayo ankadandaula n'chakuti madzi atalowa m'zimbudzi za m'mudzi, palibe wa ku ofesi amene anabwera kudzaona, pamene kolera ya 2022 ndi 2023, yomwe idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo Mangochi idali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri, inali isanaiwalike.

M'mawa mwake ndinapita ku Thumbi paboti. Woperekeza alendo wathu, bambo wa zaka za m'ma 40, anagula usipa pang'ono kudoko. Titayandikira chilumba anaimba mluzu, n'kubaya kansomba pa kabango kuti kasamire, n'kuponya. Nkhwazi inachoka pamtengo, inazungulira kamodzi, n'kutsika zikhadabo zili patsogolo, madzi n'kungoti thuu, basi yapita. Azungu awiri amene tinali nawo anakuwa ngati aona chozizwitsa, ndipo kunena zoona nanenso ndinakuwa. Pamiyala tinavala magalasi osambirira, mbuna zabuluu ndi zachikasu zikudya nyenyeswa za buledi m'manja mwathu.

Pobwerera, injini itazimitsidwa kuti tisunge petulo, ndinamufunsa kuti anavotera ndani. Anati wavoterapo chikasu, wavoterapo lalanje la Amayi, mu 2020 anayesa Tonse chifukwa cha ntchito 1 miliyoni zija, ulendo uno wabwerera kubuluu.

“Bwana, ine ndasintha kanayi. Doko lija lasintha kangati?”

Kenako anayamba kuwerenga pa zala ndalama zimene mlendo amasiya. Yolowera m'paki imapita ku nthambi ya zamapaki, ngakhale gawo lina limayenera kubwerera kumidzi. Pabilu ya loji pali VAT ndi msonkho wa zokopa alendo, zonsezo ndi za ku likulu. Khonsolo imatsala ndi malaisensi ndi matikiti a amayi a pamsika aja. Pamenepa ndinayamba kuwamvera chisoni pang'ono anthu a kukhonsolo amene ndinkawatukwana mumtima dzulo lake. Ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998 imati makhonsolo azilandira 5 pa 100 iliyonse ya ndalama zimene boma latolera, ndipo bungwe lawo la MALGA lakhala likulira chaka ndi chaka kuti sizifika pamenepo, komanso zochepazo zimabwera mochedwa. Khansala amapatsidwa ngongole ya njinga yamoto ndi kandalama ka pamwezi, ndiye uzimuuza kuti amange chimbudzi cha padoko. Izi sizikuchotsa mlandu wa makhonsolo, chifukwa malipoti a Auditor General akhala akusonyeza ndalama zosowa malisiti m'maboma ambiri. Wosauka amathanso kuba.

Ndalama imene anthu amaiona ndi maso ndi ya CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu lomwe lidayamba mu 2006 ndipo lidafika pa K200 miliyoni chisankho chisanachitike. N'chifukwa chake amayi a mango aja amadziwa phungu. Mu 2025 khoti loona za malamulo aakulu a dziko lidagamula kuti aphungu asamayendetse thumbali kapena kuvota m'khonsolo, popeza ntchito yawo ndi kupanga malamulo ndi kulondoloza ndalama, osati kugawa makontirakiti. DPP pakampeni idalonjeza K5 biliyoni dera lililonse pachaka. Madzulo pa bawo pansi pa mtengo nkhani inali imeneyi, ndipo mkangano sunali woti ndalamayo ibwera kapena ayi. Ankakangana kuti aigwire ndani. Mkulu wina anati bola phungu, chifukwa akaba timamudziwa kwawo ndipo timamuchotsa, monga Amalawi amachotsera aphungu ambiri chisankho chilichonse. Mphunzitsi wina wopuma anati maganizo amenewo ndi amene apha khonsolo, chifukwa phungu amamanga pamene pali mavoti ake, osati pamene pali vuto. Ine ndili kumbali ya aphunzitsiwo, komabe funso la mkulu uja silinayankhidwe: DC akadya, timuchotsa ndi voti iti?

Usiku nyali za asodzi zinandandalika panyanja, siginala aliyense ali m'bwato lake kuitana usipa. Mwini boti wina amene tinacheza naye pamchenga anati komiti ya padoko, BVC, imagwira maukonde oletsedwa a anthu wamba, ngakhale maneti a udzudzu amene ena amakokera tinsomba, koma maboti akuluakulu akalowa m'madzi osaya nthawi yotseka nyanja aliyense amayang'ana kumbali. Chambo chimene kale chinali ndiwo ya tsiku lililonse pano chimapita m'mbale za kuhotela, iye ndi ana ake amadya bonya.

Pobwerera ndinakwera limodzi ndi mayi wogula nsomba wochokera ku Makanjira, tsidya lakum'mawa, kufupi ndi malire a Mozambique. Atamva zimene ndinkadandaula za ku Chembe anandiyang'ana ngati mwana wolira ali ndi chigumu m'manja. Anati inu kumeneko mumaona phula ndi azungu. Msewu wa Mangochi–Makanjira walonjezedwa ndi boma lililonse chiyambire ndale za zipani zambiri, ngongole yake ina idasainidwa ndi Saudi Fund mu 2023, ndipo iwo akhala akumva za mwala wa maziko kuyambira ali mtsikana. Mvula ikagwa mitsinje imadula njira, wodwala amamunyamula paboti, ndipo nsomba zimaolera m'madengu. Anati gombe lakwawo ndi lokongola kuposa la Cape Maclear, mchenga woyera wopanda mpanda ndi umodzi womwe, ndipo anandiuza kuti ngati ndikufuna kukaliona ndipite mvula isanayambe, ndikwere lole ya m'mawa pa boma, ndipo ndisavale zoyera.