Madzi akumwa pakati pa Atlantic: mpweya m'paipi unatidyera tsiku

Mukamapalasa bwato kuoloka nyanja ya Atlantic kuchoka pachilumba cha La Gomera, kufupi ndi gombe la kumpoto chakumadzulo kwa Africa, kupita pachilumba cha Antigua ku Caribbean, mtunda wa makilomita pafupifupi 4,800, musaganize zolongedza madzi a ulendo wonse. Bwato lingalemere mpaka nkhafi kukanika. Madzi mumapanga nokha tsiku lililonse ndi makina ochotsa mchere.

Mu lita imodzi ya madzi a m'nyanja muli mchere pafupifupi magalamu 35. Makinawo amakankha madzi mwamphamvu kwambiri kudutsa m'kasefa kopyapyala, mchere n'kutsala. Amadya magetsi kwambiri, ndipo magetsiwo ndi a sola. Yatsani masana dzuwa lili paliwombo, mudzaze zigubu zonse. Mukayatsa madzulo mabatire amatha, pamene usiku mukufuna nyali ndi wailesi kuti zombo zikuluzikulu zikuoneni.

Koma chomwe chinandipsetsa mtima ndi mpweya. Funde likanyamula bwato, pakamwa pa paipi yokoka madzi pamatulukira kunja, paipi n'kumeza mpweya. Pampu imangolira, madzi osatuluka ngakhale dontho. Amene anatigulitsa makina uja analankhula zambiri za malita pa ola, za mpweya sanatchule n'komwe, ndipo kabuku kake kanangoikapo mizere iwiri. Tsiku lathunthu linapita ndili chogwada m'kachipinda kotentha ngati ng'anjo, ndikumasula mapaipi ndi manja a matuza, bwato likundigubuduza, mnzanga akupalasa yekha. Mitambo itabwera, dzuwa la tsikulo linapita pachabe. Mpaka pano ndikakumbukira ndimaluma mano.

Tinatulutsa pampu yamanja. Imapereka malita anayi kapena asanu pa ola ngati mukupopa osapuma, ndiye taganizani, mwapalasa maola awiri, nthawi yanu yogona ndi maola awiri, ndipo ola limodzi likuthera pa chogwirira. Thukuta lomwe mukutaya popopa likufunanso madzi omwewo.

Ndisanaiwale, musawerengere akumwa okha. Chakudya cha paulendowu n'chouma cha m'mapaketi, chilichonse chimafuna madzi otentha. Thupi nalo limafuna kutsukidwa mchere, apo ayi zilonda zimabuka pokhalira. Kukatentha munthu mmodzi amatha kufika malita 10 patsiku. Madzi a makinawa alibe kukoma, komanso sabwezeretsa mchere umene wapita ndi thukuta, choncho tinkasungunuliramo timapiritsi ta mchere wa m'thupi. Mkodzo ukada, imwani, musadikire ludzu.

Pansi pa bwato pamakhala mabotolo a madzi abwino omata bwino. Ntchito yake n'kulemetsa bwato kuti likagubuduzika lidzuke lokha. Mukamwa limodzi, lidzazeni madzi a m'nyanja, mulilembe chizindikiro, mulibwezeretse pamalo pake.

Za mpweya zija: musanachoke padoko, masulani makina onse, muwamangenso, muphunzire kutulutsa mpweya mpaka manja azichita okha. Tengani masefa apadera ambiri, chifukwa chakumadzulo kwa nyanjayi kumayandama ndere za sargassum zomwe zimatseka paipi. Madzi a pampopi okhala ndi klorini musatsukire makina, amaononga kasefa kaja. Ndipo yatsani masana, ndikubwerezanso, masana, ngakhale zigubu zikuoneka kuti zikadali ndi madzi, chifukwa mitambo ikhoza kukhala masiku angapo osasuntha.