Loweruka pa Mtayamoyo

Ndanyamuka mbandakucha, chifukwa kuno ku Chigwa cha Shire ulendo wa mwezi wa Okutobala umayambika kusanatenthe. Sabata yonse ndinali wa usiku kuwodi ya amayi, ndipo mnzanga wogwira naye ntchito, mwana wakonkuno ku Nsanje, analonjeza kuti lero andiwolotsa Shire ndikaone tsidya la kum'mawa, kumene ena mwa amayi omwe timawachiritsa amachokera.

Kwathu ndi ku Katete, m'dziko la Zambia, kwa Kalonga Gawa Undi. Chichewa ndinabwera nacho m'kamwa, ndiye ambiri sadziwa n'komwe kuti ndine wakunja. Koma kuno m'wodi mumamveka Chisena ndi Chimang'anja, ndipo mayi akamva ululu amalira m'chilankhulo cha amake. N'chifukwa chake Loweruka lililonse limene ndapuma sindikhala m'nyumba, ndimayendayenda kuti ndiwadziwe anthuwa ndi kwawo. Anzanga amene tinaphunzira limodzi unamwino, omwe pano ali ku Manchester, amanditumizira pa WhatsApp zithunzi za kumene akayenda, ine n'kuwabwezera za malambe ndi migwalangwa.

Minibasi yatitula pa Bangula, kenako kabaza mpaka padoko. Apa ndi pomwe mu 1997 madzi anadula chimulu chimene pankadutsa njanji ndi msewu wopita ku Chiromo. Kale sitima yochokera ku Limbe inkadutsa pamenepa n'kutsika mpaka ku Nsanje ndi ku Marka. Chidukireni, anthu amawoloka pa maboti ndi mabwato, ndipo dzina la malowa, Mtayamoyo, palibe amalitchula moseka.

M'boti lathu munalowa zonse: njinga zakapalasa, njinga yamoto, matumba a chimanga cha kudimba, mbuzi yomangidwa miyendo. Bambo wopalasa anandiyang'ana n'kuti, "Amayi, khalani pakati, dzanja lisakhudze madzi." Ng'ona zilimo, mvuu nazonso. Namasupuni wadzaza m'mbali, moti pena ankachita kumukankha ndi nkhafi kuti tipeze njira.

Ku Makhanga mnzangayu anandionetsa mizere ya matope pa makoma a nyumba zina, pamwamba kuposa mutu wanga. Mu Januwale 2015 mtsinje wa Ruo unasiya njira yake n'kulowa m'midzi, ndipo mu Malichi 2023 namondwe Freddy anadzabwereza. Boma lakhala likuwauza anthu kuti asamukire kumtunda. Ena anapita, ena anabwerera. Ndinafunsa agogo ena amene ankasenda nyemba pakhonde, iwo anangoloza kudimba: nthaka imene madzi amasiya ikubala chimanga, mbatata ndi nyemba nthawi ino pomwe kumtunda kuli gwa. Ine ndawamvetsa. Ndi zophweka kulamula munthu kuti asamuke iwe malipiro ako akubwera pakutha pa mwezi.

Nkhomaliro tadya kwa azakhali ake a mnzangayo, nsima ya mapira ndi makakana owamba. Nsombazi zimachokera m'dambo lalikulu la Elephant Marsh, lomwe layambira pomwepa n'kukwera chakumpoto. Livingstone atadutsa mu 1859 anaonamo njovu mazanamazana, dzina n'kuchokera pamenepo. Lero njovu mulibe, koma mbalame zam'madzi ndi zosawerengeka, ndipo mu 2017 dambolo linalowa m'kaundula wa madambo ofunika padziko lonse wa Ramsar. Azakhaliwo anati chaka cha njala amayi amalowa m'madzi momwemo kukazula nyika zoti aphikire ana, ng'ona zili pompo.

Chimene chandigwira mtima chachitika pobwerera. M'boti munakwera mtsikana wodwala pakati, mimba yatsika kale, ali ndi apongozi ake. Mayiwo anasenza beseni, m'kati muli zitenje, pepala lapulasitiki, lumo latsopano ndi ulusi, zonse monga timawauzira kusikelo. Ndinapempha kuona buku lake la kuchipatala. Mimba yoyamba, msinkhu waufupi, magazi ochepa: azamba a kwawoko analemba bwinobwino kuti akadikirire kuchipatala chachikulu.

"Mwachita bwino kunyamuka lero, amayi," ndinatero.

"Tinadikira kuti tigulitse kaye mbuzi, anamwino. Yaboti, yakabaza, yaufa wokadya kuchidikiro, zonse ndi ndalama."

Kusukulu anatiphunzitsa za kuchedwa kutatu kumene kumapha amayi: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kuthandizidwa utafika. Kwachiwiriko lero ndakukhalira m'boti. Tinayembekeza padoko nthawi yaitali kuti anthu akwane, dzuwa lili paliwombo, mtsikanayo akungosinthasintha kakhalidwe pa thabwa. Uku n'kuti kuli masana, chilimwe, mtsinje uli phee. Nanga matenda akayamba pakati pa usiku mu Febuluwale, madzi atasefukira, opalasa atakoka maboti awo? Mayi wotaya magazi atachira alibe maola ambiri.

Titakocheza ndinawathandiza kutsika, apongoziwo n'kuti "takhuta", zikomo wa m'Chisena, akuwomba m'manja. Tinawakweza kabaza ife tisanakwere.

M'minibasi tagwirizana ndi mnzanga kuti Lolemba pa msonkhano wa m'mawa tikaiyambitse nkhaniyi: amayi onse a tsidya amene masiku awo akugwera m'dzinja tiziwalemba padera kuyambira pano, alangizi a zaumoyo a m'midzi mwawo adziwitsidwe, kuti azibwera kuchidikiro mtsinje usanadzaze. Vuto likhala la chakudya cha odikirira, ndipo limenelo tikalikambe ndi mafumu. Loweruka likudzali ndili pa ntchito, koma linalo tikupita kumalo osungirako nyama zakutchire ku Lengwe kukaona boo.