Wosowayo ndi wadazi, wamimba

Ulendo wokagona kuthengowu ndinauyambitsa ndine, choncho palibe amene ndingamuloze chala. Tinalipo anthu asanu ndi atatu: ine ndi mayi akunyumba, alamu anga ndi mnzawo wa kuntchito, mchemwali wanga ndi mwana wake wa zaka 11, komanso banja lina la anzathu. Galimoto tinaisiya pamene msewu unathera, pafupi ndi kanyumba ka alonda a nkhalango. Kuchoka apo tinayenda pansi maola atatu, chikwezeke chokhachokha, mpaka pa kachidikha kena m'mbali mwa mtsinje. Netiweki inatitsanzika tisanayende n'komwe theka la ola.

Milungu iwiri ulendowu usanachitike ndinkagona mochedwa, kuwerenga pa intaneti nkhani za anthu osowa m'mapiri. Pofika tsiku lonyamuka ndinali nditagula wezulo, kampasi, jekete yofiira yooneka patali, ndi chipewa chaubweya. Ndinalinso nditadzisankha, popanda wopikisana naye, kukhala mkulu woona za chitetezo.

Usiku woyamba, titakhoma matenti, ndinawasonkhanitsa onse pamoto n'kuyamba maphunziro. Ndinati munthu asachoke pamsasa osanena kumene akupita ndi nthawi yobwerera. Ngati anzake ali m'tulo, alembe kakalata n'kukasiya pamalo poti munthu sangakaphonye. Wosochera asamayendeyende, akhale pansi pomwepo, chifukwa ofunafuna amayambira pamene munthuyo anaonedwa komaliza, ndipo phazi lililonse limene iye akuponda limakulitsa dera loti asakemo. Ndinawauza kuti ku California, mu 1981, mwana wina wa zaka 9 atamwalira atasochera pa phiri la Palomar, anthu anayamba kuphunzitsa ana kuti akasochera azikumbatira mtengo umodzi n'kudikira pomwepo. Mwana wa mchemwali wanga yekha ndi amene ankamvetsera. Enawo maso anali pa nkhuni.

Pofuna kuwadzutsa ndinatulutsa zoseketsa. Ya munthu wina amene mu 2021 anasowa pa phiri la Mount Elbert ku Colorado, m'dziko la America, opulumutsa anthu n'kumamuimbira foni, iye osayankha poti nambala inali yachilendo. Kenako ya ku Iceland, mu 2012, pa chigwa cha Eldgjá. Mayi wina anatsika basi ya alendo, n'kukasintha zovala. Pobwerera anzake sanamuzindikire, anati wasowa. Anthu pafupifupi 50 anayamba kumufunafuna, iye n'kulowa nawo m'gululo, mpaka cha m'ma 3 koloko usiku pamene zinadziwika kuti wofunidwayo ndi yemweyo. Ndinaseka mpaka misozi. Ndinati, "Munthu wanzeru zake angalephere bwanji kudzizindikira yekha?" Mawu amenewa muwasunge.

Kutacha, cha m'ma 6 koloko, ndinatuluka mutenti, ndinavala chipewa changa chimene ndinachisiya pakhomo, n'kuyamba kuwerenga anthu ngati nkhuku zolowa m'khola. Asanu ndi mmodzi. Ndinawerenganso, ulendo uno podziyambira ndekha. Asanu ndi mmodzi. Tenti ya alamu inali pululu, nsapato palibe, matochi palibe.

Ndinene zoona pano: m'kati mwa mantha angawo munali kachimwemwe. Tsiku langa linali litafika.

Mayi akunyumba anati, "Bambo, bwanji tidikire kaye pang'ono? Achimwene si mwana. Mwina angopita chapafupi." Ndinawayankha kuti pa nkhani ya munthu wosowa maola oyambirira ndi amene ali ofunika kwambiri, zimene zili zoona, kungoti wozinenayo ndi amene anali wolakwika. Ndinasiya mchemwali wanga ndi mwana pamsasa kuti asonkhezere moto utsi uzioneka. Otsalafe ndinatiika pamzere, motalikirana mapazi khumi, aliyense aziona mnzake wa kumanja ndi wa kumanzere. Lamulo linali limodzi: wina asachoke pamzere.

Sipanathe mphindi 20, amene anachoka pamzere ndi ine.

Ndinaona udzu wogona kumanzere, ngati padutsa munthu. Ndinati ndingosuzumira, ndibwera pompano. Udzu wogonawo unanditengera ku kanthambi kothyoka, kanthambiko kananditengera kutsetsereko, ndipo kutsetserekoko ndinafuula, "Alamuuu!" Kutsidya kunamveka, "...muuu!" Mtima unagunda. Ndinafuulanso, anayankhanso, mawu ake otopa ngati a munthu amene wagona panja. Ndinathamangira komweko, kudumpha mitsitsi, kukwawa pansi pa ziyangoyango, ndikuwalimbitsa mtima kuti asasunthe, ndikubwera. Patatha theka la ola ndinapezeka ndaima maso ndi maso ndi chithanthwe chachikulu, chosalala, chimene chinkandibwezera mawu anga omwe. Ndinachipatsa moni, nacho chinandipatsa.

Potembenuka kuti ndibwerere, chifunga chinali chitatsika. Amene sanaonepo chifunga cha m'phiri sangamvetse. Sichibwera pang'onopang'ono. Umangowerama kumanga chingwe cha nsapato, podzuka dziko lonse lasanduka loyera mbee, mtengo uli pa mapazi asanu sukuonekanso.

Sindinade nkhawa, poti zida ndinali nazo. Ndinatulutsa kampasi. Inandilozera kumpoto mokhulupirika, koma kumpoto ndinalibeko nako ntchito. Kampasi imathandiza munthu amene anaiyang'ana pochoka n'kudziwa kuti msasa uli mbali iti. Ine pochoka ndinkayang'ana udzu. Ndinatulutsa foni. GPS imagwira ngakhale popanda netiweki, zimenezo ndinkazidziwa, ndipo inagwiradi: kadontho kabuluu kanaoneka bwinobwino, kali pakati pa chinsalu chotuwa chopanda msewu, mtsinje kapena phiri, chifukwa mapu ake ndinaiwala kuwasunga mufoni tisananyamuke. Foniyo inkandiuza molondola kuti ndili pamene ndili. Batire nayo inali pa 9 peresenti, poti usiku wonse foni inachezera kusakasaka netiweki, ndipo zimenezo zimadya batire kwambiri.

Kunatsala wezulo. Kuliza katatu ndi chizindikiro chakuti munthu ali pamavuto. Ndinaitulutsa, ndipo nthawi yomweyo phazi linaterereka pa mwala wandere, ine khuu mumtsinje, wezulo ili m'manja. Wezulo yanga inali ya kanjere m'kati, yonga ya oyimbira mpira. Kanjereko kakanyowa kamamatirira. Nditauzira ndi mphamvu zanga zonse, inatulutsa kamawu konga ka mwanapiye wachitopa. Za mawezulo opanda njere ndinaziwerenga ndithu, koma iyi ndi imene inkaoneka yaulemu.

Apa ndi pamene munthu woti dzulo lake anaphunzitsa anzake akanakhala pansi n'kukumbatira mtengo. Mitengo inalipo yambirimbiri, ina yokumbatirika bwino. Koma ine m'mutu mwanga sindinali wosochera. Ndinali wofunafuna amene wangosokonezeka pang'ono. Kusochera n'kwa anthu ena.

Ndinavula jekete yofiira ija, yomwe inali itanyowa, n'kuimangirira panthambi kuti ikhale chizindikiro, ndipo ndinauyamba ulendo wolunjika kumene mtima unkandiuza kuti kuli msasa. Ndinayenda mowongoka ngati chingwe. Patapita nthawi ndinaona chinthu chofiira patsogolo. Ndinasangalala kuti alamu asiya chizindikiro. Ndinathamanga. Inali jekete yanga.

Ndinayesanso, ulendo uno kulowera kwina. Ndinaipezanso. Kachitatu ndinafika kwa iyo kuchokera kumbuyo, ngati ndikufuna kuidzidzimutsa. Zimenezinso ndinali nditaziwerenga: mu 2009 akatswiri a ku Max Planck Institute, mu mzinda wa Tübingen ku Germany, anayendetsa anthu m'nkhalango atawamangirira GPS, n'kupeza kuti dzuwa likabisika anthu amazungulirazungulira uku akulumbira kuti akuyenda mowongoka. Atawamanga m'maso, ena ankapanga mizere yozungulira yaing'ono kwambiri, ya mamita 20 okha m'mimba mwake. Powerenga ndinawamvera chisoni anthuwo. Sindinkadziwa kuti ndi abale anga.

Kachinayi jekete sindinaipezenso, ndipo ndinayamba kuisowa ngati mnzanga.

Masana onse anathera momwemo. Njala, kuzizira, miyendo kunjenjemera, ndiponso kenakake kankandikanda pamutu m'kati mwa chipewa kuyambira m'mawa. Ndinkaganiza kuti ndi kachikwangwani ka fakitale. Kuvula sindikanavula, chifukwa mphepo ya m'phiri ikapeza mutu ngati wanga siuchitira chifundo. Dzuwa litapendeka ndinagonja, ndinakhala patsinde pa mtengo, koma ndikufuna zidziwike kuti sindinaukumbatire. Ndinangoutsamira mwamphamvu.

Chisisira chitagwa, chifunga chinayamba kupungula. Kenako ndinamva wezulo yeniyeni, yolira ngati wezulo. Inalira, kenako zii. Inaliranso, ziinso. Umo ndi mmene odziwa ntchito amachitira: amailiza, onse n'kuima chilili kumvetsera. Posakhalitsa ndinaona matochi ali pamzere, akubwera pang'onopang'ono. Alonda a nkhalango! Ndinanyadira kuti anthu anga kumsasa atsatira maphunziro anga, akaitana akatswiri kuti adzatithandize kupeza alamu. Ndinadzisasa, ndinakonza chipewa, n'kutulukira ngati munthu amene anali pantchito tsiku lonse.

"Mwafika, akuluakulu! Mwachita bwino. Ine mbali iyi ndasakamo kale."

Mnyamata wa kumapeto kwa mzere anandiunika pang'ono n'kunena kuti, "Ndinu a kumsasa kuja? Lowani apa, bambo, pakati pa ine ndi mtengo uwo. Musachoke pamzere."

Ndinamuuza kuti lamulo limenelo ndikulidziwa bwino.

Tikuyenda, ndinamufunsa kuti awauza zotani. Anati, "Bambo mmodzi, wa zaka za m'ma 50, wamfupi, wadazi, mimba yaikulu ndithu. Akuti ndi munthu wosamva za anzake, ndiye tisayembekezere kuti wakhala malo amodzi."

Ndinati osowa ndi awiri. Iye anati iwo auzidwa mmodzi. Ndinaganiza mofulumira: ndiye kuti alamu apezeka, watsala mnzawo uja. Kunena zoona mnzawoyo tsitsi anali nalo, ndipo kamimba kake kanali kongoyamba kumene, koma anthu akamafotokoza munthu ali ndi mantha amakokomeza. Ine sindinadziganizire ngakhale pang'ono. Pagalasi ndimaona munthu wa msinkhu wabwino, wa thupi lokwanira, wa chipumi chotambalala.

"Anthu otere ndi ovuta," ndinatero. "Dzulo lomweli ndawaphunzitsa, koma ena mawu amangolowera khutu ili n'kutulukira linali."

"Alipo ambiri, bambo," anatero mnyamatayo. "Makamaka amene awerengako pang'ono."

Ndinavomereza ndi mtima wonse.

Ndinasaka nawo pafupifupi mphindi 40, ndipo sindikudzitama, ndinasaka bwino. Ndinkasuzumira m'mapanga, kuunika m'zitsamba ndi tochi yobwereka, ngakhale kulangiza mnyamata uja kuti aziyang'ananso kumbuyo. Kenako wina pakati pa mzere anakuwa kuti waona kanthu. Tonse tinathamangira komweko. Mkulu wa alondawo anaunika panthambi, ndipo ponse panamveka mpumulo wa anthu amene apeza chimene amafuna. "Jekete yofiira. Ndi yomweyi. Ali pafupi."

Ine ndinati, "Ayi, imeneyo isakusokonezeni. Ndi yanga."

Kunagwa bata loti ngakhale mtsinje unachita ngati waima. Matochi asanu ndi limodzi anachoka pajekete, mmodzimmodzi, n'kubwera pa ine. Anayambira kumapazi. Anakwera. Pamimba anaimapo nthawi yaitali kuposa mmene kunafunikira.

Mkulu uja anayankhula mwaulemu kwambiri. "Achikulire, pepani. Tavulani chipewacho."

Ndinavula. Kuwala kwa matochi kunabwerera kwa eni ake. Ndipo kuchokera m'chipewamo munagwa kapepala kopindidwa kanayi, konyowa ndi thukuta, n'kutera pa nsapato ya mkuluyo. Anakatola, anakatambasula, n'kuwerenga mokweza, pang'onopang'ono, ngati akuwerenga chigamulo:

"Alamu, takwera pamwamba kukaona kutuluka kwa dzuwa. Tibwera 9 koloko. Munati tisiye kalata pamalo poti simungapaphonye."

Anabweradi 9 koloko. Ena onse anali atabwerera kale pamsasa, akudikira mkulu woona za chitetezo. Atandisaka mpaka masana osandipeza, alamu omwewo, munthu amene ndinkamupulumutsa, ndi amene anatsika phiri maola atatu kukaitana alonda, n'kukweranso nawo maola ena atatu.

Kuchoka pajekete kukafika pamsasa tinayenda mphindi 15. Mnyamata uja anayenda pambali panga njira yonse osanena kanthu, mapewa okha ndi amene ankagwedezeka.

Pamsasa mayi akunyumba anandikumbatira kaye, kenako anandikankha, kenako anandifunditsa bulangete. Alamu anali atakhala pamwala, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda, ndipo anangoti, "Mwatipeza, alamu. Zikomo." Mwana wa mchemwali wanga anabwera pafupi n'kundinong'oneza, "Amalume, mtengo munaukumbatira?" Ndinamuuza kuti akagone.

Usiku, anthu atalowa m'matenti, ndinawafunsa mayiwo chinthu chimene chinkandisowetsa tulo. Zosamva za anzanga ndinazilola. Za dazi, matochi anali atachitira kale umboni. "Koma mayi, zoti mimba yaikulu ndithu, munanena ndinu?"

Anatembenukira kukhoma la tenti n'kukoka bulangete.

"Ndinachepetsako, bambo. Panali alendo."